Thabwa Lokana Kupyapyala

Kope langa la chaka chimenecho lili ndi masamba akuda m'mphepete. Si moto ayi, ndi fumbi la magalimoto a malasha lomwe linkalowa paliponse, ngakhale m'chikwama chotseka. Ndinkalembamo m'Chinyanja kuti anzanga akalitola asaliwerenge msanga, poti ambiri anali a Chinyungwe ndipo anazolowera kuwerenga Chipwitikizi chokha. Ndinali mu nona kilase, chaka chachiwiri cha sekondale, ndipo ndinkalowa masana.

Tinkakhala ku Mpadue, mumzinda wa Tete, m'nyumba ya eni ake ya zipinda ziwiri: Ababa, Amayi, ine ndi ang'ono anga awiri. Tinachokera ku Tsangano ndisanayambe sukulu. Ababa anali okhoma ndowa. Ankagwira ntchito pansi pa msau wa pabwalo, ali ndi nyundo, chitizora chodulira malata, ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo.

Mwezi umenewo eni malo anabwera atavula chipewa, nkunena mwaulemu kuti mwezi ukatha tichoke, akufuna kugumula nyumbayo kuti amangepo zipinda za anthu a kumgodi. Ababa anayenda dera la Matema lonse, anafika kudera la Francisco Manyanga, osapeza pokhala. Masiku amenewo ngakhale kakhitchini kakuseri kankagona munthu wa kumgodi wa zovala za olenji. Atatopa anati tibwerera kumudzi. Kwathu sekondale ili kutali, ndipo atsikana a msinkhu wanga sapitako. Tonse tinkadziwa kuti tikakwera lole, sukulu yanga yathera pomwepo, koma panalibe yemwe ananena.

Kenaka kunabwera mwayi umodzi. A shefe, oyang'anira kantina yodyeramo pamsasa wina wa antchito, kutsidya kwa mlatho, anagula ndowa kwa Ababa ndipo anaikonda. Anati akufuna malata makumi awiri ophikirapo mapau, buledi wa kuno, ndi thandala lachitsulo losanjikapo malatawo akatuluka m'ng'anjo. Wopeza ntchitoyo apatsidwa pokhomera mkati mwa mpanda ndi chipinda chogona, chifukwa zokonza ku kantina sizitha. Koma mabwana awo sankavomera chinthu asanachione pa chithunzi cha komputadoro.

Ababa anandiuza Lolemba m'mawa ndikutsuka mbale.

"Mama," ankandiitana choncho chifukwa ndinatenga nkhope ya amayi awo, "kusukulu kwanu kuja muli nazo zija zoonetsa zithunzi?"

"Makomputadoro? Tili nawo, Ababa."

"Ndiye basi."

"Basi chiyani?" Amayi anayankha ali m'nyumba. "Mwana uyu kukapempha mchere kwa aneba amabwerako ali thukuta kamukamu, mcherewo osabwera nawo. Mukuti akapemphe komputadoro ya boma?"

"Amake ana, musandifooketsere mwana. Si choncho, mama? Ujambula?"

Ndinati ndijambula. Anandilembera miyezo kuseri kwa pepala la simenti, ndipo ndinalipinda bwinobwino nkuliika pakati pa kope langa.

Chipinda cha makomputadoro chinkatsegulidwa Lachiwiri ndi Lachinayi pokha, ndipo tinkakhala atatu pa komputadoro imodzi. Aphunzitsi athu anali ataikamo pulogalamu yomangira dziko. Pagalasi pankaoneka kamunthu kataima pa chilumba chopanda kanthu, madzi atazungulira. Ukaloza pansi ndi rato, kachipangizo kogwira m'dzanja kaja, pankabadwa bokosi la mtundu wa thabwa. Bokosilo unkalikoka, kulitalikitsa, kuliphwatalitsa, kulisanjika pa linzake mpaka nyumba iime. Anzanga anali atamanga mahotela. Ine ndinali ndisanamangepo kanthu. Ndinkakhala kumapeto kwa benchi, kuonerera ndi kulemba m'kope zonse zomwe aphunzitsi ankanena.

Lachiwiri loyambalo rato sindinaigwire. Ndinakonza mawu opempha kasanu konse, koma ankafika pakhosi nkubwerera. Belu litalira ndinapita kuseri kwa chimbudzi kukalira. Kunyumba ndinauza Ababa kuti magetsi anazima. Tsiku limenelo m'kope ndinalemba mzere umodzi: "Ndanamiza Ababa, ndipo andikhulupirira."

Lachinayi anandipulumutsa mnzanga wa pabenchi, mtsikana wa ku Matema wolongolola kwambiri. Anaona pepala la simenti m'manja mwanga, analanda nkuwerenga.

"Mana," ndi momwe atsikana a kuno amaitanirana, "ichi nchiyani? Kalata ya chibwenzi ya manambala okhaokha?"

Ndinamunong'oneza zonse. Atamva anamenya dzanja la wachitatu wa pabenchi pathu.

"Iwe, siya kuveka kamunthuko madiresi. Lero ndi tsiku la osalankhula."

Thandala silinandivute. Miyendo inayi, timizati topingasa, zonse mabokosi aatali. Lata ndinalipanga pophwatalitsa bokosi mpaka pamene linalekera, ndipo ndinalichulukitsa kukhala makumi awiri. Ndinaona kuti ndi okhuthala pang'ono, koma nthawi inali itatha. Mnzanga uja anakapempha aphunzitsi kuti atisindikizire, ndipo ndinapita nalo kunyumba pepalalo ndili nalo pachifuwa kuti lisagwire fumbi.

Ababa analiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Zikomo, mama," koma nkhope yawo sinamasuke. Lachisanu anavala malaya a kutchalitchi nkuwoloka mlatho. Anabwerako ndisananyamuke kupita kusukulu, pepala lili lopindidwa kanayi m'thumba.

"Andiseka," anauza Amayi. "Akuti, kodi amisiri, mukufuna tiphike mapau pa matabwa? Aitana ophika onse adzaone. Wina akuti mwina ndi bedi la anthu makumi awiri."

"Simunawauze kuti ndi chithunzi chabe?"

"Ndawauza. Akuti mabwana samva zofotokoza, amaona pepala. Likhale lata looneka kuti ndi lata. Andipatsa mpaka Lachisanu likudzali. Kupitirira apo atenga anthu a ku Beira."

Kwa ine sanakalipe. Anangokhala pa njanji yawo, nyundo ili pansi. Ndikanakonda akanakalipa.

Loweruka Amayi anayamba kusonkhanitsa matumba omangira katundu. Sankandiyang'ana m'maso akamadutsa nawo.

Lachiwiri lotsatira ndinalowa m'chipindamo ndisanadye kanthu. Mtundu wa thabwa ndinauchotsa mosavuta, malata anakhala otuwa ngati chitsulo. Koma kuchindikala kunakana. Pambali pa galasi panali timabokosi tolembamo miyezo. Ndinkalemba milimita imodzi, nkudina, nambala nkubwerera yokha pa sentimita imodzi. Ndinalemba milimita ziwiri, inabwerera. Zisanu, inabwerera. Ndinayesa kukoka ndi rato pang'onopang'ono, ngati kuti ndikainyengerera siizindikira. Inkafika pomwe paja nkuima nji. Sentimita imodzi ndi kachala kanga kakang'ono. Munthu wamba sangaone vuto, koma lata la chitsulo lotero ophika awiri sangalikondwere kulinyamula lili lotentha, ndipo a shefe aja anali nawo maso.

Mnzanga anakweza dzanja. "Sinyoro pulofesoro, ichi chikukana kuonda."

Aphunzitsi anabwera, anayesa okha kawiri, nkupukusa mutu. "Pulogalamu siyilola. Sentimita imodzi ndiye pothera. Koma mukumanga chiyani, atsikana inu?"

"Shelefu," anayankha mnzanga, poti ine ndinali nditazyolika.

"Shelefu yotere ndi yabwino kale. Pitirizani."

Anapita kwa ena. Ndinakhala ndikuyang'ana matabwa anga otuwa, kamunthu kaja kataima pambali pake manja ali m'mbali. Ndinawerenga masiku: Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. M'kope ndinalemba kuti: "Aphunzitsi akuti sizingatheke. Ndikamauza Ababa, Amayi amanga katundu mawa. Ndikapanda kuwauza, ndanamanso. Mulungu, ndi sentimita imodzi yokha."

Lachitatu m'mawa Ababa anagubuduza mgolo wa mafuta ophikira kuchokera kuseri. Anati ngakhale tikupita, pali mbaula ziwiri za anthu zofunika kumaliza. Ndinakhala pa muzu wa msau, kope lili pamiyendo, ndikufuna powayambira. Pomaliza ndinangofunsa funso lopusa.

"Ababa, chitsulo chikakhala chochindikala, mumachimenya mpaka chipyapyale?"

Anaseka koyamba m'sabata yonseyo. "Ndi mikono itiyi? Ukufuna ndife ndisanaone zidzukulu? Amake ana, tamvani mwana wanu."

"Ndamumva," anatero Amayi. "Muyankheni, musamuseke."

"Taona, mama. Lata sitilipanga pofinya chitsulo. Timalichotsa pa chinthu cha mphako." Anagogoda mgolo uja ndi chala, unalira gong'o. "Ameneyu ndi wamkulu, koma mkati mulibe kanthu. Ine ndimagula khoma lake. Ndidula pamwamba, ndidula pansi, ndimung'amba pamsana, ndimuyala. Lata ilo."

Anatenga chitsulo chakuthwa ndi nyundo nkuyamba kuzungulira mlomo wa mgolowo. Chivundikiro chinagwa. Anautembenuza, nkudulanso pansi. Ndinasuzumira ndikuona dzuwa mbali inayo. Pamenepo ndinakumbukira kuti mwezi wapitawo aphunzitsi anatisonyeza kupanga chitsime: pa miyezo paja panali kamzere kobowolera bokosi mkati, ndi kena kodulira mbali zake. Ndinatsegula kope, ndinapeza tsambalo, zonse zinalimo m'zolemba zanga. Nambala inkakana kutsika, inde, koma inkayeza bokosi lonse. Khoma la bokosi lobowola panalibe yemwe ankaliyeza.

Sindinawauze Ababa. Ndinaopa kuwapatsa chiyembekezo chomwe komputadoro ingakane mawa lake. Ndinajambula m'kope katatu momwe ndidzachitire, kuti dzanja lisadzasokonezeke.

Lachinayi kunatentha monga kumatenthera ku Tete mvula ikayandikira, mpweya wosagwedezeka, malaya omata kumsana. Titafika pachitseko cha chipinda cha makomputadoro tinapeza magetsi palibe. Aphunzitsi anati tikhale pansi tilembe zolemba pabolodi. Ndinalemba osaona chomwe ndikulemba. Maso anga anali pa babu la kudenga. Mnzanga ankandigunda ndi chigongono.

"Mana, ukaliyang'anitsitsa liphulika."

Theka la phunziro litadutsa, babu linaphethira nkuyaka. Ana anakuwa. Komputadoro yathu inali yochedwa kudzuka. Chilumba chitaoneka, rato inali kale m'dzanja langa, sindikukumbuka kuti ndinaitenga bwanji.

Ndinanong'oneza mnzanga za mgolo wa Ababa, kenaka ndinasankha thabwa limodzi nkulibowola kuchokera m'mbali. Linakhala ngati chikuto cha bokosi la machesi chopanda kabokosi kamkati. Ndinakankha nambala yobowolera mpaka kumapeto kwake, makoma anatsala ngati pepala. Kenaka ndinadula. Koyamba ndinadula molakwika, panatsala ngodya yokha. Ndinabweza. Kachiwiri khoma lam'mwamba linachoka, lam'mbali linachoka, linalo linachoka. Panatsala lapansi lokha, lathyathyathya, lotuwa.

"Eee," anatero mnzanga chapansipansi. "Wachiba pakhomo lakuseri."

Ndinafufuta matabwa akale onse, ndinachulukitsa latsopanolo, nkulisanja pathandala, limodzilimodzi mpaka makumi awiri. Ndinabweza maso a kamunthu kaja kuti ndione kutsogolo, monga chinalili chithunzi choyamba.

Thandala linali lopanda kanthu.

"Mana, aba ndani?"

Ndinaloza pamene panayenera kukhala lata, komputadoro inasonyeza kuti lilipo. Ndinapendeketsa maso pang'ono, onse makumi awiri anatulukira. Ndinawongola, anasowanso. Anali atapyapyala mopitirira, moti powaonera m'mphepete galasi silinkatha kuwajambula. Pepala lotero a shefe akanati Ababa abweretsa thandala lokha.

"Kwatsala mphindi zisanu," anatero aphunzitsi. "Yambani kutseka."

Ndinafufuta khumi ndi asanu ndi anayi. Pa lotsalalo ndinachepetsa kubowola, pang'ono, pang'ononso, mpaka m'mphepete mwake munaoneka kamzere konga ka pensulo. Chimenecho ndiye chinali chikhadabo cha Ababa akamayeza lata. Ndinayambanso kusanja. Dzanja linkaterera ndi thukuta, lata lachisanu ndi chiwiri linalowa m'mwendo wa thandala, ndinalikonza. Ndili pa lakhumi ndi chiwiri belu linalira. Mabenchi anakokedwa, ana anatuluka. Aphunzitsi anayenda kulunjika pa swichi yaikulu ya pakhoma yomwe inkazimitsa chipinda chonse.

Mnzanga anali atawerama kufuna nsapato yake pansi pa benchi. Panalibe wondilankhulira.

"Sinyoro pulofesoro, musazimitse."

Mawu anga anatuluka okweza kuposa momwe ndinkafunira. Aphunzitsi anacheuka, dzanja lili m'mwamba, akufunafuna yemwe walankhula.

"Ndiwe? Umalankhula kodi?"

"Chonde. Ndi ntchito ya Ababa. Akapanda kupita nalo mawa pepala ili, tibwerera kumudzi."

Misozi inali itayamba, ndipo ndinachita manyazi kwambiri moti sindinathe kupitiriza. Anabwera, anaima kumbuyo kwanga, nkuyang'ana pagalasi.

"Wachita bwanji ichi?"

"Wabowola nkudula," anayankha mnzanga atatulukira ndi nsapato yake. "Ngati mgolo, akuti."

Aphunzitsi anati, "Hmm." Anayang'ana wotchi. "Kalasi inayo ikundidikira. Maliza msanga."

Ndinamaliza asanu ndi atatu otsalawo iwo ataima pomwepo. Anandisonyeza kukweza maso pang'ono kuti malata aoneke pamwamba ndi m'mphepete momwe. Makina osindikizira anakoka pepala mwaulesi. Litatuluka anandipatsa nkuti, "Thamangani, mwachedwa ku masamu."

Ababa analandira pepalalo ndi manja awiri atapukuta pa thalauza. Anayendetsa chikhadabo pa timizere tija.

"Awa ndiye anga," anatero. "Amake ana, bwerani mudzaone malata anga."

Lachisanu anawolokanso mlatho. Nthawi yopita kusukulu inakwana asanabwere, ndipo Amayi anandithamangitsa kuti ndipite. Sindinamve kanthu m'kalasi tsiku limenelo. Pobwerera ndinathamanga kuchokera pamsewu waukulu, ndipo ndinawapeza onse awiri pansi pa msau, atakhala moyang'ana mbali zosiyana.

"Ntchito andipatsa, mama," anatero Ababa. "A shefe angoliyang'ana kamodzi pepala lako nkuliika m'kabati. Ndiyamba Lolemba."

Ndinafuna kudumpha, koma nkhope ya Amayi inandiletsa.

"Muuzeni zonse," anatero.

"Zipinda zija zadzaza. Kwabwera ophika atsopano sabata ino. Chatsala ndi bedi m'kontena ya amuna. Akazi ndi ana salowa mumpanda."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi, ndi yunifolomu yanga. Ndiye kuti tikupitabe. Mng'ono wanga wamng'ono kwambiri ankagogoda chivundikiro cha mgolo ndi mwala.

"Ndiye mwanayu wavutikiranji?" anatero Amayi. Sankafunsa Ababa, sankafunsa ine. Anaimirira, anamanga nsalu yawo bwino, nkutuluka osanena komwe akupita.

Anabwerako dzuwa likupendeka, mapazi ali mbuu. Anali atapita ku Matema kwa mayi wina wa kwathu wogulitsa mbatata ya kachewere, yemwe anakulira naye limodzi. Mayiyo anali ndi ana aakazi atatu m'chipinda chimodzi. Anakana poyamba, koma Amayi anamuuza kuti tsopano bambo ake a mwanayu ali pantchito kumsasa kuja, chakudya cha mwana chizibwera, ndipo mwanayo sasokosa, mwina mudzaiwala kuti alipo. Anavomera.

"Utsala," Amayi anandiuza. "Ine ndi ang'ono ako tikwera."

"Amayi, nanga ine ndekha?"

"Si sukulu unkaifuna? Ndi imeneyo. Usandilirire pano, ndingasinthe maganizo."

Ananyamuka m'mawa wa Lachitatu lotsatira, pa lole yomwe inabwera ndi mbatata ndipo inkabwerera yopanda katundu. Ababa anali kale kutsidya, sanaloledwe kutuluka. Ndinathandiza kukweza matumba, mphasa, ndi mpando umodzi womwe tinali nawo. Ang'ono anga ankasangalala ndi kukwera lole, ankandikwezera manja injini isanalire nkomwe. Amayi anakhala pa matumba opanda kanthu, nkundikodola kuti ndiyandikire.

"Kwa eni ake uzidzuka woyamba. Sopo wako uzibisa. Ukadwala unene, wamva? Usangogona chete kuyang'ana khoma. Anthu aja si ine, sadzadziwa."

"Ndamva, Amayi."

"Tsitsi ilo upeze wokuluka Loweruka. Lafika poipa."

Lole inagwedezeka nkulowa mumsewu, pakati pa magalimoto oyera a kumgodi a timbendera. Ndinaiyang'ana mpaka inakhota. Ndinanyamula chikwama changa ndi thumba la zovala, nkuyenda kupita ku Matema. Mayi uja anali kumsika, ana ake anali kusukulu ya m'mawa, ndipo chitseko chinali chokhoma. Ndinakhala pakhonde lawo, ndinavala malaya a yunifolomu pamwamba pa diresi, nkudikira kuti nthawi yolowa ikwane.